Khosi la Mbuzi ya Khirisimasi

Ndinafika ku Bindura chapakati pa zaka za m'ma 1970, dzikolo likadali Rodeziya, nkhondo ikumveka kale cha kumpoto. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu ndinaphunzira ya kumudzi kwathu ku Dedza, ndipo ndinkapita kwa malume, amene anayamba ntchito ya kumgodi ine ndisanabadwe. Ankakhala ku Chipadze, dera lina la m'tauni ya Bindura, anali mkulu wa mpingo, ndipo ana awo onse atatu anali aakazi. Pondiperekeza ku basi, mayi anandiuza kuti, "Ndiwe mphwawo. Pakhomo pawo palibe mwana wamwamuna, ukakhale iweyo." Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse.

Koma nditafika ndinapeza malowo ali kale ndi mwini wake.

Kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze kunkakhala banja la Asilamu ochokera ku Mangochi. Bambo wa m'nyumbamo anasiya mgodi chifukwa cha chifuwa, n'kuyamba utelala pakhonde pawo. Mwana wawo wamwamuna anali msinkhu wanga, wobadwira ku Bindura komweko, ndipo ankagwira ntchito pansi, kumapampu otulutsa madzi mumgodi. Chishona ankachiyankhula ngati mwini dziko, akapitawo ankayankhana nawo Chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi, mopanda mantha, koma Chichewa chake chinali chopindikapindika, ndipo malume ankaseka nacho mpaka misozi. Ine ndinkayankhula Chichewa chowongoka. Ndinkanjuta popereka madzi. Nsapato zawo za kutchalitchi ndinkapukuta osatumidwa. Ntchito imene anandipezera, yosesa ndi kupukuta m'nyumba yosungiramo nyali za olowa pansi, sindinachedweko ngakhale tsiku limodzi. Komabe ine ankangonditchula kuti "iwe". Mnyamata uja ankamuitana kuti "mwanangu", mwa Chishona, mawu atawakoka ngati akuitana mwana wongoyamba kuyenda.

Chimene chinkandipweteka kuposa zonse chinali mpeni.

Msilamu sadya nyama yosazinga, ndiye kuti imene sinadulidwe pakhosi ndi Msilamu atatchula dzina la Mulungu. Choncho nkhuku kapena mbuzi ikati iphedwe pakhomo pathu, malume ankaitana mnyamata uja kuti adzazinge, kuti a kuseri kwa mpanda nawonso adye. Nkhumba inali isanalowepo m'mapoto a akazi a malume, amene ndinkawatchula kuti mayi. Pa Idi nafenso tinkakadya mpunga kwawoko. Kumgodi zinalinso chimodzimodzi: pa Khirisimasi Asilamu ankalowa mashifiti a Akhristu, pa Idi Akhristu n'kubweza. Ndipo wozinga ankalandira khosi la nyamayo. Unali mwambo, panalibe woufunsa.

Kwathu ku Dedza, chimwalirireni bambo, mbuzi za pakhomo ndinkapha ndine, ndi kusenda komwe osaboola chikopa. Ku Chipadze ntchito yanga inali kugwira miyendo. Mnyamata uja ankabwera ndi mpeni wake wokulunga m'kansalu koyera, n'kusamba m'manja, n'kuyang'anitsa mbuzi cha kumpoto, kenako n'kundiyang'ana akumwetulira. Ankanditchula kuti aphunzitsi chifukwa ndinkakonda kuwerenga.

"Gwirani zolimba, aphunzitsi. Mbuzi sinapite kusukulu, ikumenyani theche."

Malume ankaseka. Nanenso ndinkaseka, popeza malume aseka. Madzulo ndinkamuona akudutsa pampata wa mpanda ndi khosi m'kambale, ndipo nyama imene ndinkadya tsiku limenelo sinkandikomera. Mnyamatayo sanandilakwirepo chilichonse. Anandiphunzitsa Chishona cha pamsika, anandibwereka njinga kawiri konse. Zimenezo zinkangowonjezera moto.

Khirisimasi yanga yachiwiri itayandikira, malume anagula mbuzi yakuda kupulazi ina n'kuimangirira kuseri kwa nyumba. Lamulungu lina titaweruka, mkulu mnzawo wa mpingo anabwera kudzamwa tiyi. Anali munthu wa mawu okuluwika, wokonda kugwira Baibulo ngakhale pomwa tiyi. Ataiona mbuziyo anati:

"Nayonso mukaitanira Msilamu? Akulu, kubadwa kwa Ambuye mpaka tikabwereke dzanja kumzikiti? M'nyumba muno mulibe mwamuna wodziwa mpeni?"

Ponena mawu otsirizawo anandiyang'ana ine. Malume anapemerera tiyi wawo n'kuyankha modekha:

"Mpeni wake sunandilandepo Yesu wanga. Ndikadula ine timadya anthu a nyumba imodzi. Akadula iye timadya mzere wonse wa nyumba zino."

"Nanga iwo angadye yodula inu?"

"Sangadye. N'chifukwa chake ndimaitana."

Nkhaniyo inathera pomwepo, koma mwa ine sinathe. Mlungu wonse ndinkabwereza funso la mkulu uja posesa kuntchito. Ndinayamba kudziuza kuti chikundiwawa ndi chipembedzo, kuti ndikumvera chisoni tsiku la Ambuye. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa. Chikanakhala kuti wozingayo ndi nkhalamba yachilendo imene malume sankaitchula kuti mwanangu, ndikanagwira miyendo mpaka imvi.

Tsiku la Khirisimasi malume analawira kukakonza mabenchi kutchalitchi. Mayi ndi atsikana anapita pampopi, kumene mzere unkatalika tsiku lotero. Ine anandisiya ndi mbuzi kuti ndidikire mnyamata uja, amene analonjeza kuzinga asanakwere lole ya kumgodi, poti tsikulo ankalowa shifiti ya Mkhristu wina. Dzuwa linatuluka iye osaoneka. Kenako ndinamva lole ikuliza hutala kumsewu, ndipo ndinamuona akubwera chothamanga, nsapato za kumgodi osamanga zingwe.

"Aphunzitsi, ndagonereza! Lole ikundisiya. Tengani mpeni uwu, mukapatse bambo anga, azinge ndi iwo. Musaiwale!"

Anandiponyera kansalu koyera kaja m'manja n'kuthamanga.

Kuchoka pamene ndinaima kukafika pakhonde la atelala sanali mapazi makumi awiri. Ndinkamva ngakhale kutsokomola kwawo. Ndinamasula kansaluko kuti ndingouona mpeniwo. Unali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, wonoledwa mpaka kupyapyala pakati. Ndinayang'ana kumsewu, kunalibe munthu.

Ndinaigwetsa mbuzi ija ndekha, n'kuimanga miyendo ndi chingwe chake chomwe. Ndikukumbuka kuti ndinaiyang'anitsa cha kumpoto, ngati mmene ankachitira iye, osadziwa chifukwa chake. Ndinayamba pemphero la Ambuye chamumtima, koma ndinalekeza pakati. Ndinadula kamodzi kokha. Pamene mayi ankafika ndi ndowa pamutu, mbuzi inali italendewera pamtengo wa mango, chikopa chili pansi chopanda bowo ngakhale limodzi.

"Wabwera kale mnzako?" anafunsa.

"Anabwera," ndinatero. Sindinaname, ndinadziuza choncho. Anabweradi.

Mayi anadula khosi n'kuliika m'kambale pa lokha, kudikira mwini wake.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoganiza za atelala aja. Anamuona mwana wawo akutuluka ndi mpeni, ndiye sakanafunsa kanthu. Ndinkadziwanso, chifukwa mayi anandiuzapo, kuti kumzikiti kunali ena owanena kuti amadyeranji pachikondwerero cha Akhristu, ndipo iwo ankayankha kuti mbale ya malume angadyemo atatsinzina. Ndinadziuza kuti nyama ndi nyama. Akadya, sadwala. Madzulo mnyamata uja akadzabwerako zidzadziwika, koma madzulo ndi kutali.

Masana tinayala mphasa pansi pa mango. Panali malume, atelala atavala mkanjo woyera ndi kofiya, mkulu wa mpingo uja, ndi amuna ena awiri a mumzere wathu. Amayi anali chapatali pafupi ndi khitchini. Ndinazungulira ndi beseni la madzi, kenako ndinabweretsa mpunga ndi mbale yaikulu ya nyama. Malume anapemphera, atelala atatambasula manja awo mwakachetechete, monga ankachitira chaka chilichonse.

Ndikanakhala chete. Ndinali nditatsimikiza kukhala chete. Koma malume, asanatenge nthuli, analoza chikopa chimene ndinachikhomerera pansi ndi zikhomo kuti chiume.

"Achimwene, taonani chikopa icho," anauza atelala. "Chopanda bowo. Ndi pakhosi pomwe, kudula kamodzi. Mwana wanu uja dzanja lake lakhwima chaka chino. Ndi changu chomwe, kusenda mbuzi yonse lole isananyamuke! Mwanangu ameneyu, ine ndikanakhala naye wotere..."

Sanamalize. Anangopukusa mutu mosangalala. Atelala anaseka, natambasula dzanja kulunjika m'mbale ya nyama.

"Ndine!"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo pakhomo limenelo. Onse anatembenuka.

"Ndadula ndine, malume. Ndasendanso ndine. Iye anachedwa, anangosiya mpeni."

Dzanja la atelala linaima m'mwamba, chala chimodzi chitatsala pang'ono kukhudza msuzi. Analibweza pang'onopang'ono n'kuliika pabondo. Woyamba kutulutsa mawu anali mkulu wa mpingo uja, amene anaseka n'kunena kuti, "Eya, mwamuna wapezeka m'nyumba muno!" Kuseka kwake kunazima kokha.

Malume sanandiyang'ane. Anayang'ana atelala.

"Achimwene, ndachita manyazi."

"Sinafike pakamwa," anatero atelala. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, anakuuza kuti undipatse mpeniwo?"

"Anandiuza, bambo."

"Nanga pakhonde panga patalika liti?"

Ndinkangoyang'ana mphasa.

Malume anaimirira, nanyamula okha mbale ya nyama ija kupita nayo kukhitchini. Mkulu wa mpingo anati, "Akulu, ifetu tingadye, si yoletsedwa kwa ife." Malume anayankha ali chiimire kuti, "Pamphasa pano tidyera limodzi kapena tidikira limodzi." Atatero anandiuza kuti ndigwire tambala wawo wofiira, amene ankamusunga kuti akhale wa mbewu ndipo sankalola munthu kumuloza n'komwe. Ndinamuthamangitsa kuzungulira nyumba katatu nditavala malaya a Khirisimasi, ana a mumzere akundikuwiza. Nditamugwira ndinakatenga mpeni uja pamene ndinaubisa, pansi pa mphasa yanga yogonera, n'kuupereka ndi manja awiri. Atelala anautsuka nthawi yaitali. Anazinga tambalayo, ine nditagwira miyendo.

Tinadya dzuwa litapendeka, mpunga utazizira, tambala mmodzi amuna asanu ndi mmodzi ndi amayi omwe. Nyama ya mbuzi mayi anaigawira mabanja achikhristu a mumzere. Mkulu wa mpingo anatenga mwendo wonse.

Alendo atabalalika, malume anandiitana kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuti andiuza zobwerera ku Dedza.

"Munthu uja wakhala akudya m'mbale yanga osafunsa kuyambira iwe usanabadwe," anatero. "Ukanakhala chete, lero akanayamba kufunsa. Ndipo akanafunsa mpaka imfa." Kenako anawonjezera: "Walakwa kwambiri, mphwanga. Koma wayankhula nthawi isanathe."

Kanali koyamba kunditchula choncho. Ndinalakalaka mawu amenewo zaka ziwiri, ndipo anabwera tsiku limene sindinawayenere. Masiku otsatira atelala anauza anthu kumzikiti ndi pamsika kuti mphwawo wa neba wawo ndi mnyamata woopa Mulungu, amene analolera manyazi kuti iwo asadye chosayenera. Amayi ena ankandipatsa moni mwaulemu chifukwa cha nkhani imeneyo. Sindinauzepo munthu kuti chimene chinatsegula pakamwa panga sichinali kuopa Mulungu. Sindinathe kupirira kuti chikopa changa atamandidwe nacho wina. Malume akanapanda kuchiloza, atelala akanadya.

Mnyamata uja anabwerako chakumadzulo, matope a pansi ali m'miyendo. Anamva nkhani yonse kwa amayi ake asanavule n'komwe nsapato. Analowera pampata wa mpanda, ndipo malume anamulandira monga mwa masiku onse: "Mwanangu, wabwerako?" Mawu okoka omwe aja. Mumtima mwanga munalasanso pomwe paja.

Mayi, posadziwa chochita ndi kambale kaja, anali ataliphika khosi n'kulivundikira. Iye anavundukula, naliyang'ana, n'kubwera nalo pamene ndinakhala pamwala wotsukirapo mbale.

"Aphunzitsi, mwambo ndi mwambo. Khosi ndi la wodula."

Ndinayang'ana nkhope yake kuti ndione ngati akundinyoza. Ankangomwetulira ngati tsiku lililonse. Anakhala pansi pambali panga, natulutsa chimanga chootcha m'thumba n'kumadya.

"Koma chikopa chija mwasenda bwino," anatero. "Pa Idi ndikazinga ine, mudzasende ndinu. Ine ndimaboola."

Ndinadya khosilo iye akuyang'ana. Ndinali ndisanadziwe kuti ndi mafupa okhaokha, nyama yake yochita kusaka ndi mano. Ndinalimaliza lonse.