Mizere Yofiira ya Bambo pa Feremu ya Chitseko

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kutaya chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti ndili nacho.

Unali m'mawa kuno ku Scarborough, ku Canada. Ine ndinali patebulo ndi homuweki ya masamu, amayi ali pa vidiyo ndi amalume a Fanuel, achimwene awo, amene amayang'anira nyumba yathu ku Zomba. Chichokereni ife zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, m'nyumbamo mwakhala mukusinthana anthu a lendi. Mwezi wamawa mukulowa banja lina, ndiye amalume anaitana wopenta.

"Achemwali, taonani nokha," anatero amalume akuzunguza foni. "Pabalaza pano mukupazindikira? Mbee, ngati kuchipatala. Musamaganize kuti zoyera zili ku Canada kokha."

Amayi anaseka. "Mwagwira ntchito, achimwene. Nanga kukhitchini?"

"Ndi kumene ali panopa. Akumalizitsa zitseko."

Foni inalowa m'khitchini. Ndinaona bambo wina wovala ovolosi, chitini cha penti wabuluu kumanja kwina, burashi ikutsika pa feremu ya chitseko kuchokera pamwamba. Ndinadzambatuka mpaka mpando unagwa.

"Amalume, auzeni asiye! Chonde, asiye kaye!"

Kuti mumvetse chimene chinakuwitsa mtsikana wa Giredi 11 ngati waponda njoka, ndilekeni ndikutengeni kaye ku Vietnam.

Mnzanga wapamtima ndi Linh. Amayi ake ndi amayi anga amagwira ntchito limodzi kunyumba yosamalira okalamba, ndipo patchuthi chachitali cha chaka chatha banja lawo linanditenga popita kukaona abale kwawo. Amayi anandilola atapemphera sabata yathunthu. Pabwalo la ndege anandigwira phewa n'kunena kuti, "Tadala, ukaone, ukajambule, koma usakagwadire zifanizo za eni ake. Wamva?"

Tinakhala masiku atatu m'tauni yakale ya amalonda yotchedwa Hoi An, m'mbali mwa mtsinje. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona makoma achikasu, nyali zansalu zolendewera pamwamba pa misewu, ndi njinga zambirimbiri zoliza mabelu. Tinawoloka kamlatho kamatabwa kofolera denga, kokhala ndi kakachisi m'kati mwake momwemo. Tinalowa m'kachisi wina amene amalonda akale anamanga, momwe lubani wake anamupinda mozungulirazungulira ngati dengu lovundikira nkhuku, n'kumupachika kudenga kuti azinyeka pang'onopang'ono. Ine ndinaima chilili, manja kumbuyo, mawondo owuma gwa, pokumbukira mawu a amayi. Phulusa la lubani linandigwera m'tsitsi.

"Basi, wadalitsidwa usakufuna," anatero Linh. "Ndikakunenera kwa amayi ako."

Kumsika ndiye ndinadzimva ngati ndili kwathu. Fungo la nsomba, amayi atakhala pa timipando tatifupi, masamba ali milumilu, wina akukukoka dzanja kuti ugule kwa iye. Mayi wina wogulitsa nthochi anagwira tsitsi langa lolukidwa, n'kuitana anzake kuti adzaone. Sindinakwiye. Ndinakumbukira mmene ife tinkathamangira kukaonerera alendo ku msika wa Zomba.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani ndi nyumba ina yakale ya wamalonda. Ndi yopapatiza koma yaitali, khomo lina kumsewu, lina kumtsinje, mizati yake yamatabwa akuda bii. Banja lomwelo lakhalamo mibadwo ingapo, ndipo likukhalamobe. Alendo mukamazungulira, mwana wa m'nyumbamo amakhala akuonera TV kuseri. Kudenga kuli chibowo chokhala ndi chingwe, chokwezera katundu m'chipinda cham'mwamba mtsinje ukasefukira.

Pakhoma lina panali mizere yambiri, wina pamwamba pa unzake, uliwonse ndi deti lake. Wina unandifika m'chiuno, wina m'khosi, wina unandipitirira mutu kutali. Linh anandiuza kuti mzere uliwonse ndi pamene madzi analekezera chaka chimenecho.

Ndinadabwa. Nyumba yolandira alendo ochokera m'maiko onse, khoma lake n'kukhala lolembalemba? Ndinamuuza Linh kuti andifunsire kwa mayi wa m'nyumbamo, amene ankatithirira tiyi, chifukwa chake sapentapo.

Mayiyo anaseka mpaka tiyi anatayikira. Kenako analoza mzere umodzi wapamwamba n'kulankhula nthawi yaitali. Linh anamasulira akuseka nayenso.

"Akuti chaka chimenechi anali atangokwatiwa kumene, ndipo apongozi awo sankawayankhula. Madzi atabwera anakhala masiku atatu m'mwambamo, awiriwiri, pa mphasa imodzi. Akuti potsika anali atayamba kugwirizana. Ndiye akufunsa kuti apente chifukwa chiyani, pomwe mzerewu ndi umene unawapatsa apongozi?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti pomwepo ndinakumbukira kwathu. Likanakhala bodza. Ndinangojambula khomalo, n'kujambulanso, n'kutumiza kwa anzanga a kusukulu ndi mawu akuti anthu awa amadziwa kusunga mbiri yawo. Ndinabwerako ndi zithunzi zodzaza foni: madenga a eni ake, zitseko za eni ake, makoma a eni ake.

Chithunzi cha chitseko cha kukhitchini kwathu ndinalibe ngakhale chimodzi.

Bambo anga anali mphunzitsi wa ku pulayimale. Tsiku langa lobadwa likafika, chaka chilichonse, ankandiimika pa feremu ya chitseko chimenecho, zidendene kukhoma, n'kundiika rula pamutu. Ankalemba mzere ndi bolopeni yofiira, yomwe ija ankachongera makope a ana awo a sukulu. Pambali pa mzerewo ankalemba zaka zanga, kenako n'kuchonga, ngati ndakhoza samu.

"Wakhoza, Tadala," ankatero. "Upitirize kukula."

Ine ndinkanyang'ama ndi zala kuti mzere ukwere. Iwo ankandiponda phazi pang'onopang'ono. "Kubera mayeso sitilola m'kalasi muno."

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Chaka chotsatira ine ndi amayi tinabwera kuno. Zolemba za bambo zambiri zinatayika posamuka, makope anapita kwa eni ake. Dzanja lawo linatsala pa feremu ija basi.

Tibwerere pa foni paja. Amalume anauza wopenta kuti aime, koma ankaoneka kuti sakumvetsa.

"Chavuta n'chiyani, mayi wa ku Canada? Buluuyu sakukusangalatsa?"

"Ayi amalume. Tayandikitsani foni pa feremu, cha m'munsimu."

Anawerama akubuula ndi msana. Mizere inaoneka, yofiira mozilala, timanambala ta bambo topendekera kumanja. Zaka ziwiri. Zitatu. Zinayi. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Pamwamba pake panali buluu wonyowa, akung'anima. Mizere iwiri yomaliza inali itapita kale.

"Zolembalembazi?" anatero amalume. "Ine ndimayesa ndi ana a anthu a lendi. Ndinamuuza wopentayu kuti apake kawiri pamenepa."

Amayi anayandikira foni. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndi dzanja la alamu anu limenelo, achimwene."

Amalume anavula kapusi. Sindikudziwa ngati anazindikira kuti avula.

Sindikuwaimba mlandu amalume. Iwo anachita zimene ife tinawatuma. Si ife kuno amene timaimba foni kumudzi n'kumati konzani nyumba ioneke? Pentani, ikani matailosi, chotsani mawindo akalewo, anthu asamati ana awo ali kunja koma nyumba ikuoneka chonchi. Kwa ambiri a ife chinthu chakale ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo umphawi timafuna kuufufuta msanga anthu asanauone.

Ndipo ndikudziwa kuti pali zakale zina zoyenera kuchoka. Denga lodontha si mbiri, ndi denga lodontha. Wa lendi nayenso ndi munthu, akufuna kulowa m'nyumba yaukhondo. Mayi wa ku Hoi An uja amalandira alendo odzaona khoma lake, pomwe feremu yathu palibe adzakwere ndege kudzaiona.

Komabe ndifunse: n'chifukwa chiyani chakale cha eni ake timachitcha chokongola, chathu n'kumachitcha litsiro? Ine ndemwe ndinavula nsapato polowa m'nyumba ya anthu osawadziwa, ndikuyenda monyang'ama kuopa kukanda pansi. Ya bambo anga ndinaisiya m'manja mwa burashi. Tikapita m'tauni muno timaima kutsogolo kwa nyumba zakale za njerwa zofiira, kumwetulira, kujambulitsa, kutumiza kumudzi. Ndani mwa ife ali ndi chithunzi cha khonde limene anaphunzirira kuyenda? Cha mtengo wa mango umene anagwamo? Ana obadwira kuno, amene Chichewa chimawavuta kale, tidzawaonetsa chiyani akadzafunsa kuti kwathu n'kotani? Matailosi?

Amalume anaimbanso Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Mbali imodzi ya feremu aisiya osapenta, kuyambira pamene burashi inalekezera mpaka pansi. Apakapo vanishi kuti mizere isazilale. Anakakambanso ndi bambo amene akudzalowa m'nyumbamo.

"Poyamba amati ndikumupatsa nyumba yosamaliza," anatero amalume. "Ndinamufotokozera zonse. Kenako akundifunsa ngati mbali inayo angamayezerepo ana ake."

"Ndiye munati bwanji, amalume?"

"Ndinati ayeze, koma bolopeni ikhale yabuluu. Yofiira ili ndi mwini wake."

Mizere iwiri ija sidzabweranso. Wa zaka zisanu ndi zitatu, umene bambo analemba atayamba kale kudwala, atatsamira chitseko, uli pansi pa penti. Ndalira nawo sabata ino, sindibisa. Koma isanu ilipo, ndipo tsopano ndili ndi chithunzi chake. Ndinamutumizira Linh. Anandiyankha kuti, "Ndiye unapita mpaka kwathu kukasirira khoma, uli nalo lako?"

Lolemba madzulo amayi atabwera kuntchito, asanavule n'komwe yunifolomu, anandiitanira kukhitchini ya fulati yathu. M'manja anali ndi rula yanga ya masamu ndi bolopeni yofiira.

"Ima apa. Zidendene kukhoma."

"Amayi, nyumba ino si yathu. Eni ake salola kulemba pakhoma."

"Adzapenta tikadzachoka. Ima bwino."

Anachita kunyang'ama kuti afikire pamutu panga, chifukwa ndinawapitirira kalekale. Analemba mzere, analemba 16. Anaima pang'ono, bolopeni ili m'mwamba. Kenako anachonga.

Inu amene mukuwerenga, nyumba ya kwanu ija mwatumiza uthenga kuti aikonze. Kodi mwafunsa chimene chili pakhoma, wopenta asanatsegule chitini?