Amuna Ovala Makhoti a Akazi Awo

Orest Hrycak anagwira ntchito pa sikelo yoyezera tirigu ku Saskatchewan kwa zaka makumi atatu, koma ife anzake tinkamudziwa ndi mabokosi a nsapato. Anali nawo khumi ndi anayi, onse odzaza mapositikhadi amakedzana, aja a zithunzi zenizeni zimene ojambula oyendayenda ankatsuka ndi manja nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Mukampatsa khadi sankayamba n'kuona chithunzi. Ankalitembenuza, n'kusuzumira kabokosi komatapo sitampa, n'kutchula zaka zake monga mmene wogula kavalo amachitira akaona mano. Kenaka ankasakasaka tauni yake, ndipo akaipeza ankalemba dzina kumbuyo ndi pensulo, mopepuka. Kulemba ndi inki ankati ndi mwano.

Khadi limodzi lokha linamukanika. Linali la mkazi wake Verna, telala, amene analipeza m'Baibulo la agogo ake. Agogowo anamwalira mayi ake a Verna ali khanda, mwanayo n'kukaleredwa kutali, choncho panalibe wodziwa kumene anachokera. Pachithunzipo panali msewu wamatope, nkhokwe yaitali ya tirigu kumanzere, tchalitchi kumanja, ndi amuna asanu ataima pakhomo pa sitolo yopanda chikwangwani. Pamwamba pa kanyumba kena wina anajambulapo kamtanda, kumbuyo n'kulemba mawu awiri: "Kwathu kuno."

Loweruka lililonse ndinkamwa khofi kukhitchini kwawo, khadilo lili patebulo pamodzi ndi galasi lake lokulitsira zithunzi.

"Zaka makumi awiri ukusaka tauniyi, Orest," ndinatero tsiku lina. "Galasi lakolo limakulitsa zithunzi kapena umbuli?"

"Imwa khofi waulereyo mwakachetechete, nkhalamba iwe."

Verna anasuzumira paphewa pake, singano ili kukamwa. Anaichotsa nati, "Ine ndangoona kuti amuna awa avala makhoti a akazi awo."

"Wayambatu," anatero Orest. "Telala ukamuonetsa chithunzi cha mfumu, amaona msoko wokhota."

Tinaseka tonse, Verna nayenso anaseka, ndipo sanabwerezenso.

Atadwala, Verna anapempha chinthu chimodzi. "Ukaipeza tauniyo ukathire phulusa langa kumeneko, wamva, Orest? Usandisiye pa shelefu limodzi ndi mabokosi akowa."

Anamwalira mu Novembala. Thupi analitentha monga anafunira, ndipo kambiya ka phulusa kanakhala pa shelefu pomwepo, pakati pa bokosi lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu.

Orest sanalire pamaliro, sanalirenso pambuyo pake. Dzinja lonse ankadzuka, n'kuchotsa chipale chofewa pakhomo, n'kutenthetsa msuzi wa m'chitini, n'kukhala ndi khadilo mpaka dzuwa kupendeka. Sankagwiranso galasi. Ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankati, "Ndadzuka." Makapu ankatulutsabe atatu, kenaka n'kubweza imodzi.

Mu Epulo amayi a kutchalitchi anapempha zovala za malemu kuti akagawire osowa, ndipo ndinapita kukamuthandiza kulongedza. Anatenga khoti lobiriwira limene Verna anadzisokera yekha, nayamba kulimanga mabatani lili pa hang'ala. Zala zinkaphonya. Anayesa kawiri, kenaka anangoima.

"Mabatani ali kumanzere," anatero.

"Ndi khoti la mkazi, Orest. Onse amakhala choncho. Athu ali kumanja."

"Eya."

Anapita kukhitchini, natenga khadi lija ndi galasi, nayang'ana amuna asanu aja mmodzimmodzi. Onse mabatani awo anali mbali ya akazi. Wojambulayo potsuka anatembenuza filimu, ndipo tauni yonse inatuluka yotembenuka: cha kumanja chinapita kumanzere. Zaka zonsezo Orest ankasaka msewu umene sunakhalepo.

Analoza khadilo pa kalilole wa m'khonde. Nkhokwe inasamukira kumanja, tchalitchi kumanzere. Sanafulumire. Anatsitsa bokosi lachitatu, nayendetsa chala pamwamba pa makhadi, nasolola limodzi limene anagula kalekale pa msika wa zinthu zakale. Nkhokwe yomweyo, tchalitchi chomwecho, msewu womwewo. Kumbuyo kunali dzanja lake lomwe: "Marlsby, 1911."

"Linali m'nyumba muno," ndinatero.

"Linali m'nyumba muno," anabwereza, ngati akuwerenga kulemera kwa tirigu wa munthu wina.

Tinanyamuka m'mawa mwake, ine ndikuyendetsa, iye atafukata kambiya pamiyendo. Ulendo wa maola awiri okha, msewu umene ankadutsa kawirikawiri ali pantchito. Ku Marlsby sitinapeze nkhokwe, sitolo, kapena njanji. Kunali ziputu za tirigu mpaka kumene maso amalekera, ndi masitepe atatu a simenti a tchalitchi, osakwera kupita kulikonse.

Orest anaima pa masitepewo, khadi kudzanja limodzi, kalilole wamng'ono wa m'chikwama cha Verna kudzanja linalo. Anawerenga mapazi kulowera m'mundamo kufuna pamene panali kanyumba ka kamtanda kaja, nafika makumi asanu ndi limodzi, naima.

"Ndi pamenepo?" ndinafuula.

"Pano, kapena apo."

Anatsegula kambiya. Mphepo ya kuchigwa inatenga gawo lake, lotsalalo linagwera m'matope pakati pa ziputu. Anakhala pamenepo kanthawi, chipewa chili kumutu, kenaka anabwerera akupukuta manja m'thalauza.

"Ukumva bwanji?" ndinafunsa.

"Kuzizira."

Anayala khadilo pa boneti ya galimoto, natulutsa kapensulo m'thumba la malaya. Pansi pa mawu a agogo aja analemba mopepuka, "Marlsby. Chithunzi n'chotembenuka." Anaima pang'ono, nsonga ya pensulo ili papepala, kenaka anawonjezera: "Anazindikira ndi Verna."