Difu Yatsopano ndi Mpando wa Waisoni

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene amalume ake a Esinati anandiyang'ana kumapazi m'malo mondiyang'ana kumaso. Munali m'chaka chotsatira njala yaikulu ija, ndipo ine ndinali nditatomera Esinati, mtsikana wa kwathu kwa Mkhumba, ndilibe ngakhale nsapato. Amalumewo sanakane ayi. Anangoti, "Mkamwini tikumufuna, koma abwere ndi bulangete lake." Ndinauza Esinati kuti ndikagwira ntchito chaka chimodzi chokha, n'kunyamuka ndi Waisoni, mnzanga amene tinavinidwa limodzi.

Ku Halale tinalembedwa pa galaja ya mzungu wina amene tinkamutcha Chindevu. Mkati mwa sabata ankakonza magalimoto a anthu, koma Loweruka ankapenga. Iye ndi azungu anzake ankakathamangitsana pa bwalo lafumbi kunja kwa tauni, akuzungulira migolo imene ankaiika m'makona. Sankapindulapo kanthu, anali masewera chabe a anthu okhuta. Ife akuda sitinkaloledwa kupikisana nawo, koma galimoto ikakonzedwa pankafunika woiyesa pa msewu wa kuseri kwa galaja, ndipo Chindevu anasankha Waisoni.

Ndisaname, zinandiwawa. Tinachokera mudzi umodzi, tinkagona chipinda chimodzi, koma iye anali pampando, ine chagada pansi pa galimoto, mafuta akundidonthera m'maso. Anthu obwerera kumudzi ankakafalitsa kuti Waisoni ndi dalaivala. Za ine ankangoti, "Alikonso, ali bwino." Tsiku lina munthu wa ku Chiringa anabwera ndi mawu a Esinati, ndipo pamapeto pa moni panali funso lakuti, "Nanga inu muyamba liti kuyendetsa?" Mwina iye ankangocheza, koma ine tsikulo chakudya sichinalowe.

Galimoto ya Chindevu inali ndi nthenda imodzi. Pakati pa matayala akumbuyo pamakhala chibokosi chachitsulo chotchedwa difu, chimene chimagawira matayalawo mphamvu ya injini. Difu wamba ndi yaulesi: imapereka mphamvu ku tayala lopepukidwa. Ndiye pakona, galimoto ikapendekeka, tayala lam'kati linkangopalasa fumbi pachabe, lakunja lili phee, anzake a Chindevu n'kumamupitirira. Waisoni anaizolowera nthendayi. Ankaponda moto wonse ali pakati pa kona, podziwa kuti palibe chichitike kupatula phokoso.

Kenako Chindevu anaitanitsa difu ina kutsidya kwa nyanja. Iyi tayala limodzi likayamba kuterereka, inkaligwira n'kukankhira mphamvu ku linzake. Ndinaimanga ndine, ndipo Chindevu anatichenjeza tonse awiri kuti galimoto yasintha khalidwe: polowa pakona izikanirira ngati ikufuna kupita molunjika, ndipo potuluka ukaiponda mwaukali, matayala onse awiri aterereka limodzi, kumbuyo n'kubwera kutsogolo. Waisoni anaseka n'kunena kuti, "Galimoto iyi ndimaidziwa ngati mkazi wanga." Mkazi analibe, koma pakamwa anali napo.

Pakona yoyamba yomwe anaponda monga mwa masiku onse. Galimoto inatembenuka, inakokolola mpanda wa waya n'kukaima itapindika pa mtengo. Waisoni anatuluka wamoyo, atangong'ambika pachipumi, koma ntchito inathera pomwepo. Sindinamutchere msampha ine, aliyense anamva chenjezo lija. Koma pamene ndinkamupukuta magazi, mumtima mwanga munkalira ng'oma.

Mpando unakhala wanga. Ndinaiphunzira difuyo mofatsa: kulowa pakona ndi ulemu, kudikira mphuno ya galimoto iloze kumene ukupita, kenako kuwonjezera moto pang'onopang'ono. Ukatero matayala onse awiri ankakumba pansi, galimoto n'kutuluka ngati yaponyedwa ndi legeni. Chindevu anayamba kupambana, ndipo Loweruka lililonse ankandimenya paphewa pamaso pa anzake. Mpaka lero, ndikamakonza njinga za anthu pano pa Chiringa, manja anga amakumbukira kunjenjemera kwa chiwongolero chija.

Waisoni ali pafupi kunyamuka kubwerera kumudzi, ndinamupatsa nsalu ziwiri za Esinati ndi mawu akuti andidikire chaka china chimodzi. Ndinamuuzanso kuti, "Ukamuuze kuti tsopano woyendetsa ndine. Usakaiwale zimenezo." Anangogwedeza mutu.

Chaka chija chinabala zinzake. Nthawi iliyonse ndikati ndizipita, Chindevu ankandiwonjezera malipiro kapena kubweretsa galimoto ina yofunika kuyesa. Ndalama ndinkatumiza mwa apo ndi apo, koma mauthenga ochokera kumudzi anayamba kuchepa mpaka anasiyiratu. M'chipinda chija ndinatsala ndekha, popanda wolankhula naye Chilomwe, ndipo ndinkapezeka ndikudziyankha ndekha pophika. Chindevu atagulitsa galaja n'kupita ku Joni, ndi pamene ndinamanga katundu.

Ndinatsika lole pa Migowi m'chilimwe, nditavala jekete, ndikukankha njinga yatsopano. Nditafika kwa Mkhumba, amayi ena achikulire amene anandiona ndikubadwa anaitana anzawo kuti, "Bwerani mudzaone, kwabwera mtchona!" Mtchona ndi munthu amene anapita kunja n'kuiwala kwawo, ndipo ine sindinkadziwa kuti dzinali linandigwera kalekale.

Pakhomo pa amayi ake a Esinati panali nyumba yatsopano. Padenga pake panali mwamuna akufolera udzu, ali ndi chipsera pachipumi. Nsanje imene ndinkayesa kuti ndinaisiya ku Halale inandibwerera, ndipo m'malo mopereka moni ndinakuwa.

"Waisoni, tsika! Uthenga wanga unaudyera panjira?"

Sanatsike. Anangoti, "Funsa mwini wake."

Esinati anatuluka ali ndi mwana kumbuyo, wina atamugwira chitenje. Anagwada patali monga amachitira kwa mlendo.

"Uthenga unafika, ndi nsalu zomwe," anatero. "Anzanuwa sanabise kanthu. Anakutamani mudzi wonse kuti galimoto imene inawagwetsa iwo, inu imakumverani, ndipo mzungu sangayende popanda inu."

"Nanga bwanji simunandidikire?"

"Ndinadikira ndithu, mpaka anthu anatopa kundiseka. Koma amalume atangomva mawu amenewo ananena kuti munthu wofunika chotero kunja, eni ake samubweza. Awa ndiwo anachotsedwa ntchito, ndiye anabwera."

Ndinayang'ana padenga. Waisoni anali atagwira mtolo wa udzu, akudikira kuti ndisunthe njinga yanga pamene ankafuna kuponyera zinyalala. Ndinaisuntha.