Khoko la Mtedza M'kompyuta

Ndikukumbukira fungo la chipinda chija: fumbi lotentha ndi polishi wapansi. Munali m'zaka za m'ma 1990, pasukulu ina m'tauni ya Chipata. Ine ndinayamba sukulu mochedwa chifukwa choweta ng'ombe za amalume ku Chipangali, moti m'kalasi monse wometa ndevu ndinali ndekha. Anzanga ankangonditchula kuti Amadala.

Kompyuta inali imodzi, yofunditsidwa chitenje, ndipo m'chipinda chakecho tinkalowamo titavula nsapato. Tsiku lina nditawerama kuti ndidinde mabatani, khoko la mtedza linagwa m'thumba la malaya n'kulowa pakati pa mabataniwo. Ndinalisiya momwemo.

M'mawa mwake aphunzitsi a Tembo anatiphunzitsa lamulo lotchedwa EQV. Anati kompyuta imasunga nambala ngati mzere wa ma 0 ndi ma 1, ndipo EQV imayerekeza mizere iwiri malo ndi malo. Pamene pafanana imaika 1, ngakhale zikhale 0 ndi 0. Pamene pasiyana imaika 0.

"Ndikalemba 5 EQV 5, itiyankha 1," anatero monyadira.

Inayankha -1. Anayesa 7 ndi 7, yankho lomwelo. Anapukuta thukuta, n'kulengeza kuti wina waiwononga, ndipo chipinda chitsekedwa mpaka wolakwayo apezeke. Ndinaimirira n'kuulula za khoko lija.

"Amadala," anatero a Tembo, "mwabwera kudzaphunzira kapena kudzadzala mtedza?"

Anagwedeza mabataniwo chadodolido, khoko linagwa, ndipo analengeza kuti yachira. EQV sanaiyesenso. Ine ndinakumba dzenje la zinyalala ngati chilango, ndipo m'chipindamo anandiletsa kupondamo. Manyaziwo ndinakula nawo. Patapita zaka, amalume atandipezera ntchito ya ukalaliki kwa wamalonda wina ku Mwami, ndinaona kompyuta patebulo n'kubwerera kukalima.

Chaka chatha ndinafotokozera nkhaniyi Chisomo, mwana wa mlongo wanga, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta. Anaseka mpaka misozi.

"Amalume, inali bwinobwino! Nambala zikafanana, malo onse amakhala 1, kuphatikizapo malo oyamba osonyeza kuti nambala ili pansi pa ziro. Mzere wotero kompyuta imauwerenga -1. Inkakuuzani kuti zafanana paliponse."

Ndinaganiza za dzenje lija ndi ntchito ya ku Mwami.

Masiku ano ana amasenda mtedza pamwamba penipeni pa kompyuta, osavula ngakhale nsapato. Ine mpaka lero ndimapukuta manja ndisanagwire foni. Komabe phunziro la a Tembo ndinalimva, ngakhale mochedwa monga mwa chizolowezi changa. Iwo analakwitsa, inenso ndinalakwitsa, ndipo poti tinafanana, ngati 0 ndi 0 mu EQV, kalasi yonse inavomereza kuti n'zoona.