Mtengo wa Sosten Kuseri kwa Nyumba ya Lendi

Mlamu wanga Sosten ndi munthu wosamva za anzake, ndipo ndikunena izi mtima ukundiwawa chifukwa ndimamukonda. Anabwera kuno ku Leicester, ku England, motsatira mchemwali wanga Perpetua, yemwe ndi namwino, n'kupeza ntchito yonyamula makatoni. Kwawo ku Dedza ankagwira ntchito kunazale ya mitengo, koma kuno palibe anamufunsapo za zimenezo.

Mwana wawo Tionge atabadwa, mchombo utagwa, Perpetua anafuna kungoutaya m'bini. Sosten anakanitsitsa. Anaukulunga m'kansalu n'kukaukwirira kuseri kwa nyumba yawo ya lendi ku Braunstone, pamalo pomwe madzi amadikha mvula ikagwa. Pamwamba pake anabzalapo kamtengo kamene Azungu amati river birch, kokonda dothi lonyowa.

"Alamu, mwaiwala kodi?" ndinamufunsa. "Kwathu wobwereka munda sabzalamo mtengo. Mtengo umatanthauza kuti malowo ndi ako."

"N'chifukwa chake ndabzala," anatero. "Mwanayu akhale ndi kwawo."

Mtengowo unakula msanga mpaka kupitirira denga. Khungwa lake linkasendeka lokha ngati pepala, moti alendo ankati ukudwala, iye n'kumangowaseka. Chaka china kunatentha mpaka udzu wa m'mapaki kupsa, mitengo ya anzake inayoyola masamba, koma wake unali wobiriwirabe. Akaweruka, msana ukumupweteka, ankatunga madzi otsala m'bafa ndi ndowa kukauthirira. Perpetua ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi mtengowo.

Mwini nyumbayo anali a Tayub, mkulu wachimwenye wobadwira ku Ntcheu, wolankhula Chichewa chomveka kuposa cha ana athu. Sosten ankanyadira zimenezi, ankawatchula kuti akwathu. Zaka zonsezo ankangolankhulana pafoni. Tsiku lomwe anabwera okha, anaima kuseri kuja n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"A Sosten, mtengowu munapempha kwa ndani?"

"Ndi wamthunzi chabe, bwana."

"Musandinamize, ndinakulira ku Malawi ine. Ndikudziwa chimene munthu amatanthauza akabzala mtengo pamalo a mnzake."

Apo Sosten anavula chipewa n'kuulula za mchombo, poganiza kuti munthu wakwathu amva chisoni. A Tayub anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula mawu.

"Bambo anga anabzala mango kuseri kwa sitolo yawo," anatero. "Lero akudya ena. Mchombo wanga uli komweko, pamwamba pake anamangapo galaja. Mwana wanga akukwatira, nyumbayi ndikuifuna. Mtengowu udulidwa, mizu yake ikulowera kumapaipi."

Ndinakwiya nawo a Tayub, koma ndinakwiya kwambiri ndi Sosten. Bambo wamkulu, wa imvi zake, kukhulupirira kuti dziko lino lingamve za mchombo! Kuno ungakolope pakhomo, ungapente khoma, ungathirire mtengo mpaka msana kupindika, umakhalabe mlendo. Ndinamuuza maso ndi maso.

Anapeza fulati yam'mwamba ku Wigston, yopanda ngakhale pobzala tomato. Tsiku losamuka ndinabwera ndi vani. Titamaliza kupakira katundu, Sosten sankaoneka. Ndinamupeza kuseri atagwada patsinde pa mtengo, fosholo ili pambali, akufukula ndi manja. Mizu inali itapiringizana paliponse, yolimba ngati waya. Kansalu kaja kanali kataola kalekale, koma iye ankangofukulabe, zala zikutuluka magazi.

Tionge, yemwe pano ndi mtsikana wa kusekondale, anabwera kudzatiitana. Anaona bambo ake ali m'matope, n'kufunsa m'Chizungu, monga amachitira nthawi zonse.

"Dad, what are you looking for?"

"Kwanu, mwanangu," Sosten anayankha osadzutsa mutu. "Ndikufunafuna kwanu."

Mwanayo anatembenukira kwa ine, nkhope itakwinyika.

"Uncle, what's kwanu?"

Ine ndinangowerama n'kutola fosholo ija. Sosten anadzuka pang'onopang'ono, napukuta manja pathalauza, n'kukakwera vani. Dzenjelo analisiya losakwirira.