Tsiku limene mtsinje unatipeza pamwala, ine ndi apongozi

Ndikudziwa kuti ena munena kuti ndikukometsera, koma zimene ndikuuzeni pano zinachitikadi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ambiri amene tinali nawo tsikulo akadali moyo kwathu kuno ku Nsaru, mukhoza kuwafunsa.

Papita zaka zambiri ndithu, nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa sitandade faifi. Titatsekera sukulu mu Disembala, aphunzitsi tinagwirizana zokaona akasupe a madzi otentha ndi mathithi cha ku Nkhotakota, poti chaka ndi chaka tinkaphunzitsa ana za zinthu zimenezi koma eni akefe tisanazionepo, si zamanyazi zimenezo? Aliyense ankaloledwa kutenga munthu mmodzi. Amuna anga anali kalikiliki kuwokera fodya, ndiye ndinatenga mayi awo, apongozi anga, amene ankavutika ndi maondo ndipo anali atamva kwa anzawo kutchalitchi kuti madzi otenthawo amathandiza nyamakazi.

Tinanyamuka pa minibasi m'bandakucha, n'kufika dzuwa litakwera. Wotiperekeza anali bambo wachikulire wa komweko, wamfupi, wosayankhulayankhula, atavala nsapato za matayala. Ndisabise, mumtima ndinawaderera, ndinkati munthu ngati ameneyu angawauze chiyani aphunzitsi?

Ku akasupe kunali bwino kwambiri. Madzi ankangotumphuka pansi, nthunzi ili tolotolo, kafungo kake ngati ka dzira lowola. Bambowo anatiletsa kupisa dzanja pamene madzi akutulukira, n'kutitengera chakumunsi kumene asakanikirana ndi ozizira. Apongozi anaviika miyendo, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi, ndipo potuluka anati maondo apepuka ngati a mtsikana. Tonse tinaseka.

Masana tinapita ku mathithi, pomaliza tinayenda wapansi m'kanjira ka m'tchire. Tisanatsikire kumtsinje, bambo aja anatiimitsa n'kutionetsa wezulo. Anati tikhale m'mbali mwa mtsinje, ndipo akangoiliza tisiye chilichonse tikwere kumtunda, mafunso tikafunsire komweko. Ine ndinayang'ana kumwamba, kunalibe ngakhale kamtambo kamodzi, ndinangoti awa ndi mawu oopsezera ana.

Kumunsi kwa mathithiwo, pakati pa mtsinje, panali mwala waukulu wafulati, ndipo timiyala tina tinali titandandalikana kukafika pomwepo, madzi ake olekeza m'kakolo. Bambowo atatembenuka kuti ayankhe mafunso a anzanga, ndinawagwira dzanja apongozi n'kuwawolotsa pang'onopang'ono, ati tikajambulitse pabwino. Iwo anakayika, anandifunsa ngati eni malo alola, ine ndinayankha kuti palibe vuto. Tinakhala pamwalapo tikudya zigumu, kamphepo ka madzi kakutiwaza kumaso, ndipo kunena zoona sindinakhalepo pa malo okoma ngati amenewo.

Choyamba ndinaona masamba ndi tizitsotso tikudutsa. Kenako madzi amene anali oyera anayamba kuoneka ngati tiyi wamkaka, ndipo phokoso la mathithi linasintha, linakhala lolemera ngati lole yodzaza fodya ikukwera chitunda. Pomwepo wezulo inalira. Anzathu onse anathamangira kumtunda, ife poti titembenuke tinapeza timiyala tathu tamira kale.

Ndinangoima njo, madzi akukwera mwala. Apongozi sanakuwe ayi. Anandiuza mofatsa, ngati akundituma kumunda, kuti ndiwoloke ndekha madzi asanachuluke, ana akundidikira kunyumba, iwo zaka zawo adya kale. Mawu amenewo mpaka lero amandipweteka, chifukwa amene anawabweretsa pamwalapo ndinali ine.

Tikadali choncho tinangoona bambo aja alowa m'madzi, akubwera chopingasa, madzi ali m'chiuno. Atafika sanatikalipire. Anapempha apongozi kuti awakhululukire, n'kuwabereka, ndipo ine anandiuza kuti ndimange apongoziwo kumsanako ndi chitenje changa, ndigwire lamba wa bambowo ndi manja onse awiri, ndisayang'ane madzi koma mtengo wa mkuyu umene unali kutsidya. Tinalowa. Madzi anali ozizira, amphamvu ngati munthu akukukoka miyendo, ndipo pakatikati ndinaterereka n'kumwa matope, koma lamba sindinamusiye. Chipika chachikulu chinadutsa kumbuyo kwanga, ndinachimva chikundikhudza diresi. Aphunzitsi aamuna anali atagwirana manja kuchokera pa mkuyu paja, ndipo wakutsogolo anatikokera kumtunda.

Nditapeza mpweya ndinacheuka. Mwala wonse unali utamira, chikwama changa ndi nsapato zapita, pamene tinakhala pakungodutsa madzi ofiira. Dzuwa n'kuti likuwalabe, mbalame zikulira ngati palibe chachitika. Bambowo, akufinya malaya awo, anatifotokozera kuti mvula inagwa kumapiri kutali, kumene ife sitikanaona, ndipo iwo anayamba kumva fungo la dothi lonyowa madzi asanasinthe n'komwe. Ndinagwada kuwathokoza, iwo anangoti tizipita tisazizidwe.

Tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Titadutsa pa Kasiya apongozi anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti mwana wawo akamve za madzi, koma zoti ndinawawolotsa ndine zitsale pakati pa ife awiri, banja silimangidwa ndi kulozana zala. Anasungadi mawu awo mpaka tsiku limene anatisiya. Amuna anga ndinawauza ndekha titachoka kumanda, iwo anangoti mayi awo anali otero.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anatipulumutsa kudzera mwa munthu amene ndinamuyesa wosadziwa kanthu, ndipo kuti mtsinje uliwonse uli ndi anthu ake amene amaudziwa kuposa buku. Inu amene mumapita kokaona malo, makamaka nyengo ya dzinja, mwini dera akakuuzani kuti khalani apa, khalani pomwepo, ngakhale kumwamba kuyere bwanji. Ndipo ngati mwatsimikiza kuchita makani, chitani nokha, musagwire dzanja munthu amene akukukhulupirirani.