Talakita ya ku Kafue Estates yopanda pulawo yake

Ndinatuluka m'nyumba dzuwa lisanatuluke, jekete la kutchalitchi pathupi, ndalama m'sokosi, ndikukankha pulawo ya ng'ombe pa kawilo kake. Ine Tembo wa ku Shimabala, amene chimanga changa chinkadzaza lole nthawi ya makuponi a unga, ndinali kupita ku Kafue kukagula talakita. Osati zikuluzikulu zija za m'mafamu, ayi. Kaja ka mawilo awiri, kamene umakagwira pa nyanga n'kumayenda pambuyo pake.

Matenda a denkete anali atandiphera ng'ombe zonse zolima. Zinatsala zazikazi ziwiri, ndipo ndinazigulitsa kwa abutchala zisanayambe kutsokomola. Ya m'sokosi inali imeneyo, yonse. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri, munda uli gwa ngati msewu. Mkazi wanga, Amake Tisa, anati ndifunefune ng'ombe zina. Ndinati, "Mayi, chitsulo sichidwala denkete."

Pulawo ndinaitenga dala. Kwathu sugula ng'ombe usanaiike pa joko ndi kuona mmene ikokera. Nanga talakita ndi ndani kuti ndiigule ndi maso okha?

Pamsewu wa ku Lusaka panaima kaminibasi kotsekera chitseko ndi waya. Kondakitala anati faifi handiredi, ndinapereka. Kenako anatambasulanso dzanja.

"Ba mudala, iyi nayo ilipila. Yatenga malo ya muntu."

"Iwe, pulawo ili ndi matako? Mtengo umenewo anakuikira ndani? Boma lili kuti?"

"Boma inakamba ati aliyense aike mutengo wake. Mukwela olo mutsala?"

Ndinalipira. Pulawo inakhala pakati, mayi wina wa tomato atasanjika miyendo pamwamba pake, ndipo ulendo wonse ankandiuza kuti ikamung'ambira chitenje tikaonana kupolisi.

Ndinatsika pa mphambano ya ku Estates dzuwa litayamba kutentha. Ndinagula vitumbuwa viwiri ndi kapu ya munkoyo, n'kulowa m'makomboni. Abale, ndinadabwa. Nyumba zija kale zinali za anthu a ma ovolosi ndi njinga zatsopano. Tsopano khomo lililonse lili ndi kathebulo: apa makandulo, apa mafuta ophikira a m'timabotolo, apa nsapato za mwini nyumba.

Wogulitsa talakita anali Ba Moonga. Ankagwira ntchito pa kampani ina ya boma ya minda, imene inagulitsidwa, anthu n'kuchotsedwa. Tsopano anali mkulu wa mpingo wina watsopano wopempherera m'kalasi. Anandilandira ndi "Aleluya, ba shikulu," n'kundiperekeza pansi pa mtengo wa gwafa. Atachotsa masaka, ndinakaona: kofiira, penti yosupuka, matayala akadali ndi mano. Ndinakazungulira, ndinakoka malamba ake, ndinanunkhiza oilo. Iwo anapukusa chogwirira, thukuta kamukamu, mpaka kanatsokomola utsi wakuda n'kuyamba kugunda. Mtima wanga unagunda nako.

"Ndi zingati?"

"Mamiliyoni yatatu."

Ndinayang'ana kumbuyo, kuganiza kuti mwina akuuza munthu wina.

"Amene anandituma kuno anati awiri!"

"Uyo unali mutengo wa mwezi watha. Dola yakwela, ba shikulu."

"Dola yafika bwanji pansi pa gwafa wanu? Chinthu chakalamba ndi mwezi wina, mtengo n'kukwera? Ine ndikakalamba ndimakwera mtengo?"

Mawu anga ndi aakulu, sindibisa, ndipo anansi anayamba kusuzumira pa mpanda. Tinakokana mpaka anatsika pa awiri ndi hafu. Pamenepo sokosi yanga ikanatsala ndi phazi lokha, koma ndinati chabwino, bola munda ulimidwe.

"Tulutsani pulawo yake."

"Kulibe."

"Ngolo yake?"

"Kulibe."

"Nanga chija chozungulira, chophwanya zibuma?"

"Nacho kulibe. Nigulitsa injini na mawilo, monga mwamene muonela."

Anandifotokozera ali phee, ngati nkhani ya nyengo. Pa okushoni ya kampani ija, katundu sanamugulitse pamodzi. Chidutswa chilichonse anachilemba nambala yake ndi choko, ndipo antchito aliyense anatola chimene ndalama yake yochotsedwera inafikapo. Ngolo inapita ku Chanyanya kwa wogulitsa nsomba. Chophwanya zibuma chinakwera lole ya ku Lusaka. Pulawo anatenga Ba Chanda, wowotcherera zitsulo pamsika wa m'tauni. Banja limodzi la zitsulo, analimwaza ngati ana amasiye.

"Palibe kanthu," ndinatero. "Ine ndabwera ndi yanga."

Kumbuyo kwa talakita kuli kakamwa ka chitsulo, ka chibowo chimodzi cholowetsamo bauti. Pulawo yanga ili ndi ngowe ndi tcheni. Sizidziwana. Koma tinamanga tcheni ndi waya, n'kupita kuseri kwa nyumba. Apo ndi pamene ndinaona vuto lina: talakita ili ndi nyanga zake, pulawo ilinso ndi zake. Ba Moonga anagwira za kutsogolo, ine za kumbuyo, tcheni ikudutsa pakati pa miyendo yawo.

Atangomasula kachitsulo ka pa nyanga, kanalumpha ngati tonde. Tcheni inakungika n'kuwamenya m'ntchafu. Anakuwa "Yesu!" n'kusiya nyanga. Ine sindinasiye zanga, chifukwa chibadwire sindinasiyepo pulawo ili m'nthaka. Kanandikoka, ndinalima mzere umodzi wokhota kudutsa pakati pa bedi la repu, mpaka kanakagunda mpanda wa nkhuku n'kuzima.

Akazi awo, Bina Mutinta, anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Sanayang'ane amuna awo amene anali pansi. Anayang'ana repu.

"Ba tata, iyi repu ndiye itidyetsa muno munyumba! Ico cintu cikhala cabe pansi pa mutengo, sicinabweletsepo olo ngwee. Lelo cayamba na kudya!"

Ndinavula chipewa, ndinapepesa, ndinalipira repuyo pa mtengo wa pamsika. Ndinauza Ba Moonga kuti ndikabwera ndi pulawo yake yeniyeni tidzamaliza. Ndisanachoke ndinayeza kakamwa kaja: munkalowa zala zanga zitatu. Pulawo yanga ndinaimasula n'kuchoka nayo.

Masana ndinali pamsika wa m'tauni. Ndinadya nshima ndi nsomba youma ya mu Kafue, yokoma ndithu. Ba Chanda ndinawapeza chifukwa cha phokoso la nyundo, bambo wamfupi wovala magalasi akuda osweka mbali imodzi.

"Pulawo ya katalakita ka Ba Moonga? Shani, ba shikulu, mwachedwa. Si iyo apo."

Analoza pansi. Panali makasu atsopano, atandandalikidwa pa saka.

Sindinamve msanga. Anabwereza. Anaisunga chaka chathunthu, palibe anabwera kudzaifunsa. Anapita nayo kwa Ba Moonga, iwo anati alibe ndalama, agule iyeyo talakita. Ba Chanda anati alibe munda. Ndiye anaidula: mapiko ake anasula makasu, thupi lake linakhala zitsulo za pa zenera la grosale.

Ndinakhala pansi pa limu ya galimoto. Pulawo yopangidwa kutsidya kwa nyanja, yolima tsiku limodzi pamene munthu amalima sabata, kuisandutsa khasu la pamanja! Dziko linali kuyenda chobwerera m'mbuyo ine ndikuona.

"Musalile, kuli inangu," anatero, n'kukoka ina yobiriwira pa mulu wa zitsulo. Inali ya talakita ya mtundu wina, ya dziko lina. Khosi lake linali la zibowo ziwiri, lonenepa kuposa chikhatho changa chonse. Zala zitatu, chikhatho: ngakhale wakhungu akanakana.

"Ningaiwotchelele pamene apo. Koma ikagwila ni mpaka imfa, ngolo simuzamangako. Ikatyoka mumunda musanitukane."

"Nanga malamba akaduka ndikagula kuti? Ku depoti ya alimi ija?"

"Muja manje bagulitsamo zovala za salaula."

Maganizo anga anapita kunyumba. Ndinaona ng'ombe zanga ziwiri zitasanduka chitsulo chogona pansi pa mtengo wanga, Amake Tisa akuchiyang'ana ndi maso a Bina Mutinta. Kwa Ba Moonga sindinabwerere. Ndinasankha makasu awiri pa saka paja.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mphepo ikununkha mvula. Amake Tisa anali kuanula zovala.

"Talakita ili kuti?"

"Ili ku Estates, ikudya repu ya eni ake."

"Ndalama?"

"Zilipo. Izi ndi zimene zatsala pa pulawo yake."

Anatenga khasu limodzi, analiyeza kulemera, anatema nalo pansi. Linalowa.

"Chitsulo chabwino," anatero. "Chaka chino tilima munda wa kumunsi wokha."

Inu amene mufuna katalakita kotere, yambirani kumbuyo. Muone pulawo yake, muone bauti ikulowa ndi maso anu, ndipo pokhapo mufunse mtengo. Ine ndalama ija ndinagula tiana ta ng'ombe tiwiri, toti tidzakoke patapita zaka. Mvula inagwa mawa lake, ndipo tinalima kumunsi, awiriwiri, misana ikulira. Munda wa kumtunda, umene sunagonepo kuyambira pamene ndinauswa ndi manja angawa, unamera udzu wofika m'chiuno. Chaka chonsecho popita kumsewu ndinkazungulira njira ina kuti ndisauone.